Mphini za Agogo ndi Galasi Labuluu

Fungo la nsatsi zokazinga likangondidutsa pamphuno, ngakhale lero pamene mano anatha m'kamwa muno, ndimawaona agogo anga atakhala pa mtondo wogoneka kuseri kwa nkhokwe, mwendo wawo wodwala uja atautambasula, akuvundula m'phale ndi kamtengo utsi ukuwalowa m'maso. Nsatsizo zinkathetheka n'kumadumphira panja, nkhuku zikuthamangira poyesa kuti ndi chakudya, ndipo akazisinja n'kuziwiritsa, mafuta ankayandama pamwamba pa madzi, iwo n'kumawenga pang'onopang'ono ndi nthenga ya nkhuku mpaka nsupa itadzaza. Mafuta amenewo sankagulitsa, ndiponso sankalola munthu kudzola kumapazi. Anali odzola kumaso kwawo, kuti mphini ziziwala.

Mphini za agogo sizinali zachisawawa ayi. Kuchokera pakona ya diso lililonse panatsika mizere itatu yolowera kukhutu, pachipumi panali chinthu chonga phazi la nkhuku, ndipo pansi pa mlomo panali timadontho tondondozana mpaka pachibwano. Anawatema ndi lumo ali namwali n'kupakamo makala osinja, moti zitapola zinada kuposa khungu lawo, lomwe linali lofiirira. Kalirole analibe, ndipo maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga, koma nkhope yawo ankaidziwa ndi zala. M'mawa uliwonse chala chinkayenda mzere ndi mzere, dontho ndi dontho, mafuta akulowa.

"Izi anatitema tsiku limodzi ine ndi Muhiye," ankatero. "Lumo limodzi, dzanja limodzi. Iye analira, ine sindinalire."

Muhiye anali mng'ono wawo, wobadwa nawo bere limodzi. Anasiyana ali atsikana, pamene anthu a kwathu, Alomwe, ankathawa kudziko la Apwitikizi chifukwa cha ntchito yakalavulagaga ndi mbalamatodya, kathabwa kaja kankatupitsa zikhatho. Gulu lawo linabalalika panjira asilikali atawatulukira, agogo anathawira mbali ino n'kudzafika kuno kunsi kwa phiri la Michesi, pafupi ndi Migowi, ndipo Muhiye sanaonekenso. Agogo anakwatiwa, anabereka, anaika mwamuna wawo m'manda, koma maliro a mng'ono wawo anakana kulira. Ankati munthu amene sunaone manda ake sumumetera.

Kuseri kwa munda wathu wa nandolo kunkakhala a Kopolo. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala, poti anabwera nalo la ukopolo kuchokera ku nkhondo yaikulu ija, pamodzi ndi chijasi cholemera, chifuwa chosatha, ndi kamera yamiyendo itatu yokhala ndi chikopa chopindikapindika ngati mvukuto. Tsiku la msika ankaisenzera ku Migowi, n'kupachika chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja pakhoma la sitolo ya mmwenye, anthu n'kumaima kutsogolo kwake atauma gwa ngati ameza mtengo. Kunyumba anali ndi kanyumba kopanda zenera, ming'alu yonse yomata ndi dothi, momwe ankatsukiramo zithunzi, ndipo fungo lake lowawasa linkatuluka nawo limodzi akatsegula chitseko.

Ndinkawakonda a Kopolo, ndisaname, ndipo mwina n'chifukwa chake mkwiyo wanga pa iwo sunaphwe mpaka lero. Ana sankatithamangitsa. Anali ndi kachitini ka fodya momwe ankasungamo magalasi ang'onoang'ono ozungulira, lililonse lokulungidwa m'kansanza kake: lachikasu, lofiira, lobiriwira ngati masamba a chinangwa, ndi labuluu. Akakhala kuti mtima uli m'malo, ankatilola kusuzumira. Ukaika lofiira padiso, phiri la Michesi linkasanduka moto, mbuzi zofiira, amako ofiira. Tinkakuwa n'kumalandana, iwo akuseka mpaka chifuwa kuwatsamwitsa.

Ine ndinali kamtsikana kofunsafunsa, kosautsa. Ndinawafunsa kuti magalasi amitunduwa ngantchito yanji pamene zithunzi zawo zonse zinkatuluka zoyera ndi zakuda basi.

"Iwe mdzukulu wa a Namwiyo, pakamwa pako sipapuma," anatero, potchula dzina la agogo. "Tamvera. Filimu sidziwa mtundu, imangodziwa kuyera ndi kuda. Ndiye galasili ndikalivundikira pakamwa pa kamera, limayeretsa chofanana nalo, n'kudetsa chosiyana nalo. Lachikasu limadetsa thambo kuti mitambo ioneke. Lobiriwira ndi la madoda, limatulutsa makwinya ndi ndevu. Lofiira ndi la atsikana. Khungu la munthu, kaya lide bwanji, lili ndi kufiira mkati mwake, ndiye galasi lofiira limaliyeretsa."

"Nanga labuluu?"

"Limenelo ndi galasi lachabe. Limadetsa munthu bii ngati nkhali. Ndinangolipeza m'chitinimu."

Atsikana okonzekera ukwati ankachita kuwanyengerera kuti, "A Kopolo, mutiikire lofiira lija." Ndipo pachitseko cha kanyumba kawo kamdima anakhomapo chithunzi cha mayi wina wa kutsidya kwa dambo, amene anamujambula ndi galasi lofiira lomwelo. Khungu linatuluka loyererako, koma makala sayera ndi galasi, ndiye mphini zake zinaonekera zonse ng'anii ngati inki papepala. A Kopolo ankachinyadira chithunzi chimenecho, ankachionetsa kwa aliyense wodutsa. Ndanena zimenezi kuti pasadzakhale wina wondiuza kuti mwina sankadziwa chimene ankachita. Ankadziwa bwinobwino.

Chaka china, dzuwa la chilimwe litafika poswa mtengo, kunabwera Che Amidu panjinga yawo. Anali Msilamu wa pa Migowi, wogulitsa matemba ouma a kunyanja ya Chilwa, ndipo malonda awo ankawatengera kutali, mpaka kutsidya kwa malire. Tsiku limenelo sanamasule dengu. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, anakhala pamphasa, anamwa madzi, kenako anayang'anitsitsa agogo mpaka amayi anayamba kuchita manyazi.

"Amayi, mundikhululukire kukuyang'anani chonchi," anatero Che Amidu. "Nkhope yanuyi ndaisiya kutsidya, ikugula matemba. Phazi la nkhuku pachipumi, mizere itatu uku ndi uku, timadontho apa. Ndinachita kumupatsa moni ndi dzina lanu. Ndiye anandifunsa kuti dzinalo ndalitenga kuti, chifukwa ndi la mkulu wake amene anatayika kalekale. Iye akuti ndi Muhiye."

Agogo sanakuwe. Anagwira chibwano chawo, zala zili pa timadontho tija, kenako anayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, chothamanga, chimene ankalankhula akakwiya kapena akamapemphera. Anafuna kudzuka nthawi yomweyo kuti anyamuke. Koma mwendo uja sukanawafikitsa ngakhale kudambo, ndipo munthu wothawa akagwidwa kutsidyako ankalandira mbalamatodya posaona kuti ndi nkhalamba. Njira inalipo imodzi, yoti Muhiye ndiye awoloke.

"Akufuna kubwera," anatero Che Amidu, "koma akuopa. Kumeneko kukuyenda anthu onyenga, amauza munthu kuti abale ako akukuitana, akawoloka n'kukamutula kuminda ya azungu. Ndiye akuti, ngati ndi mkulu wangadi, ndione nkhope yake. Akaona mphini, amanga katundu, ndibwera naye ndekha panjingayi."

Apa ndiye panalowera malume anga, a Wilisoni, mwana wamwamuna yekhayo wa agogo. Anali kalaliki kuesiteti ina ya tiyi ku Mulanje, munthu wa masokosi ofika m'mawondo ndi cholembera chokoleka pathumba. Kuntchitoko ankadzitcha Mmang'anja, ndipo mfunda anasintha. Ndikumvetsa kuti masiku amenewo anthu ankatinyoza, ankatitcha Anguru, odya njoka, obwera, ndipo mawuwo ankaluma. Koma ena ankalumidwa n'kukhalabe chomwe ali. Malume anafika poti agogo akawalankhula Chilomwe pagulu, iwo ankayang'ana kumbali ngati kwalira galu. Atamva za chithunzi anati zonse aziyendetsa okha, ndipo zitsukidwe ziwiri, china chipite kutsidya, china akapachike kunyumba kwawo, poti ankafunsira mwana wa m'banja lophunzira ndipo akuchikazi ankafuna kudziwa kuti mkamwini wawo anabadwa kwa yani. Amayi anawomba m'manja kuthokoza, kuti achimwene awo akumbukira kwawo.

Tsiku lojambula agogo anadzuka tambala asanatsike. Anasamba, anavala chilundu chawo chakuda cha pamaliro ndi paukwati pomwe, mikanda yoyera m'khosi, kenako anakhala padzuwa ndi nsupa ija n'kudzola mosafulumira, mzere uliwonse kawiri. Nkhope inawala, fungo la nsatsi linadzaza bwalo lonse. A Kopolo anabwera ndi kamera, anapachika chinsalu chawo pakhonde lathu, n'kuwakhazika agogo pampando wa ndalema umene anabwereka kwa aphunzitsi.

"Inu a Kopolo," anatero agogo, "za chilundu ndilibe nazo ntchito. Mujambule izi." Analoza kumaso. "Zioneke zonse, mwana wa amayi akazione."

"Musadere nkhawa mayi, ndi ntchito yanga imeneyi."

Ine ndinaima pafupi, nditagwira ndodo ya agogo. Ndinaona a Kopolo akutulutsa galasi lofiira, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma malume anawakodola, napita nawo kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo analankhula motsitsa mawu, malume akuloza pachipumi pawo ndi chala n'kumapukusa mutu. A Kopolo anakanda m'mutu, anatsokomola, anayang'ana pansi. Pobwerera anakulunganso lofiira lija m'kansanza kake, n'kutulutsa labuluu.

"Bwanji labuluu?" ndinafunsa mokweza. "Paja munati limenelo ndi lachabe?"

"Iwe, choka apo!" anakalipa malume. "Mwana wopanda mwambo, ukulowerera za akuluakulu? Mlongo, mwana wakoyu umamulera bwanji?"

Amayi anandikoka khutu mpaka kukhitchini. Ndinawauza ndikulira kuti galasilo limadetsa munthu, koma anati nditseke pakamwa, a Kopolo anapita kunkhondo ndipo malume anaphunzira, ine ndikudziwa chiyani. Ndili komweko ndinamva a Kopolo akuti, "Musagwedezeke mayi, galasi ili limachedwa, musaphethire." Nditasuzumira pakhomo ndinaona agogo atakhala chete osapuma n'komwe, nkhope ataitukula, kuipereka yonse.

Zithunzi zitatsukidwa, malume ndiwo anakazitenga. China anaika m'thumba la jekete, china anawaonetsa agogo chapatali, osachisiya m'manja. Agogo anatsinzinira, anachiyandikiza, koma chifunga cha m'maso chija sichinawalole. Anangoona mikanda yoyera.

"Zaoneka?" anafunsa.

"Mwaoneka bwino kwambiri amayi, ngati mkazi wa abusa," anayankha malume, ndipo pomwepo anachikulunga m'pepala, n'kuuza amayi kuti achisokerere m'kansalu kuti thukuta ndi fumbi zisachiononge panjira. Palibe wina aliyense amene anachiona. Che Amidu anachilandira chosokerera kale, anachiika m'thumba la mkati mwa mkanjo, n'kupalasa njinga.

Masiku otsatirawo agogo sanakhale pansi. Anazira nyumba yawo ndi dothi lakuda, anauza abambo anga kuti aluke mphasa yatsopano, anaviika mapira a thobwa, ndipo kalongonda, nyemba ya Alomwe ija, amene ankasunga mumtsuko anamutulutsa n'kumuyanika, poti ankati Muhiye ankamukonda ali mwana. Belu la njinga likalira kumsewu, ankasiya chilichonse n'kutchera khutu. Anandiphunzitsa moni wa Chilomwe woyenera kupereka kwa agogo aang'ono, n'kumandibwerezetsa mpaka lilime litazolowera.

Che Amidu anabwerera mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa Michesi. Pakaliyala ya njinga panalibe munthu. Sanakhale pamphasa, ndipo madzi anakana. Anatulutsa chithunzi chija, chomasula, n'kuchiika m'manja mwa amayi.

"Mwandichititsa manyazi," anatero. "Mayi uja anali atamanga kale katundu wake. Ana ake anasonkhana, anthu a m'mudzi anabwera. Anamasula kansalu yekha ndi mano. Anayang'ana, anapita nacho padzuwa, anachisisita ndi chala. Kenako anati, uyu si mkulu wanga. Mkulu wanga ndi wofiirira, ndipo ali ndi nkhope ngati yangayi. Uyu ndi mayi wakuda wosatemedwa, sindikumudziwa. Ukawauze amene akutumawo kuti ine sagwira choncho. Anamasula katundu ine ndikuona, ndipo anyamata a m'mudzimo anandiperekeza ndi miyala."

Ndinasuzumira paphewa pa amayi. Mayi wa pachithunzipo anavala chilundu cha agogo ndi mikanda ya agogo, koma nkhope yake inali yakuda bii, yosalala ngati mphika wokulungiza. Galasi labuluu linadetsa khungu mpaka linafanana ndi makala, mphini zonse n'kumira. Phazi la nkhuku panalibe, mizere panalibe, ngakhale kadontho kamodzi. Amayi anakhala pansi n'kugwira pakamwa. Sanandiyang'ane.

Agogo anafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo ndine ndinawauza, poti akuluakulu onse anali kakasi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anapempha ndodo yawo. Munda wa nandolo uja, umene anali asanaudutse kwa zaka chifukwa cha mwendo, anaudutsa tsiku limenelo akukoka phazi, ife tikutsatira m'mbuyo. A Kopolo anali pakhonde akupukuta kamera, ndipo atationa anaimirira n'kuvula chipewa.

"Inu a Kopolo, amayi anu ndinkawadziwa," anatero agogo. "Tinkatunga chitsime chimodzi. Kumaso kwawo kunali chiyani?"

"Mphini, mayi."

"Munkadya nsima yawo mutatsinzina?"

A Kopolo anapindapinda chipewa chija m'manja.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Sindinati mundikongoletse, ndine nkhalamba. Ndinati mwana wa amayi andione. Inu mwatenga nkhope yanga, mwaitaya, mwatumiza ya munthu wina. Mwaitaya kuti?"

"Mwana wanu ndi amene anandiuza, mayi. Anati akuchikazi akaona mphini adziwa kuti ndi Mlomwe, ukwati utha. Ndinamuuza kuti tijambule kawiri, china ndi lofiira, koma anati zikasokonekera panjira, anthu a kuntchito akadzachiona, bola zonse zikhale zofanana. Anati mng'ono wanu akuzindikirani ndi maso ndi mphuno. Ine ndinangomvera mwini ntchito."

"Mwini nkhope munamufunsa?"

Ha, mwini ntchito! Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Munthu wamkulu, woti anaona nkhondo, wodziwa galasi lililonse chimene limachita, kugonjera mnyamata chifukwa cha masokosi ndi cholembera. Malume ndiye sindiwanena n'komwe. Atabwera kumapeto kwa mwezi n'kumva zonse, anangoti, "Amayi, zinthu zachikale izi zikutibweza m'mbuyo. Komanso mayi wakutsidyayo mwina si m'bale wanu n'komwe." Agogo anawayankha m'Chilomwe, mawu ochepa, ndipo kuyambira tsiku limenelo malume akabwera ankawaphikira ndi amayi, osatinso agogo.

A Kopolo anati awajambulanso ndi galasi lofiira, koma filimu inali itawathera, ndipo yatsopano inkachokera ku Limbe, kwa mmwenye amene ankaitumiza akafuna. Che Amidu, mtima utatsika, anati ayesanso ulendo umodzi mitsinje isanadzaze, koma sakanadikira filimu. Ndiye m'mawa mwake agogo anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Pamphasa panali chithunzi chija, singano yosokera, khala losinja pa phale, ndi nsupa ya mafuta.

"Iwe uli ndi maso, ine ndili ndi nkhope," anatero. "Khala apa. Uyang'ane kwa ine, uteme apo."

Ndinachita mantha, ndinati ndichiononga. Iwo anati chinaonongeka kale. Anakhala moyang'ana dzuwa, chala chawo chikuyenda pa mzere woyamba kuchokera pakona ya diso, ine n'kumakanda ndi nsonga ya singano pa kankhope kaja kosaposa chala chachikulu. Pepala likakandika pankatuluka zoyera, ndiye ankandiuza kuti ndipakemo makala osakaniza ndi kadontho ka mafuta, monga anachitira amene anawatema, n'kupukuta ndi nsonga ya chilundu. Khungu la pachithunzi linali lakuda kale, koma mizereyo inatukuka m'mbali mwake moti ukapendeketsa padzuwa inkaoneka, ndipo chala chinkaimva. Sindinayang'anepo nkhope ya munthu monga ndinayang'anira tsiku limenelo. Ndinaona kuti mzere wapakati wa kumanzere unali wokhota pang'ono, ndipo nditafunsa anaseka, koyamba chibwerere Che Amidu.

"Pamenepo ndinagwedezeka. Usawongole, Muhiye akupadziwa. Ankandiseka napo."

Nditamaliza anatenga chithunzicho n'kuyendetsa chala pamwamba pake, kenako pankhope pawo, kenako pachithunzi. Anagwedeza mutu. Ulendo uno sanalole kuti chisokereredwe. Anachipereka kwa Che Amidu chili poyera, n'kunena kuti, "Mukamuuze zonse, ngakhale za mwana wangayo. Mukamuuze agwire mzere wapakati wa kumanzere."

Koma mvula sinadikire. Inagwa usiku ndi usana, dambo lonse linasanduka nyanja ya matope, ndipo Che Amidu anabwerera panjira atasenza njinga pamutu, mtsinje utawakaniza. Chithunzi chinagona m'thumba lawo dzinja lonse. Agogo anadya okha kalongonda uja pang'onopang'ono kuti asafumbwe, ndipo mphasa yatsopano anaipinda n'kuikweza kudenga. Madzi ataphwa, mapira atayamba kufiira, Che Amidu ananyamukanso.

Anabwerera okha. Ulendo uno anakhala pamphasa, anavula kofiya n'kuiika pabondo, ndipo tonse tinadziwa asanatsegule pakamwa. Muhiye anamwalira mkati mwa dzinja, ndi chifuwa. Che Amidu anapeza manda atamera kale udzu. Anati anafotokozera ana ake zonse, ndipo mwana wamkazi wamkulu analandira chithunzicho mokayika, n'kuchipendeketsa padzuwa. Atangoona mizere ija anagwa pansi akulira kuti, "Amayi! Awa ndi amayi!" Mudzi wonse unalira maliro kachiwiri, ndipo anyamata amene anaponya miyala aja anabwera kudzapepesa. Anawo anafuna kuchisunga, koma kenako anati chibwerere kwa mwini wake, asatsale wopanda kanthu.

Agogo anameta tsiku lotsatira. Filimu ya a Kopolo inafika, ndipo anabwera okha ndi kamera, galasi lofiira lili kale pakamwa pake, n'kugwada pabwalo kupempha kuti awajambule ulere. Agogo sanatuluke m'nyumba. Anayankhira mkati kuti, "Amene ndinkafuna kuti andione wapita. Mujambula kuti aone ndani?" Sanajambulidwenso mpaka imfa yawo, ndipo ine sindinasuzumirenso m'magalasi a m'kachitini kaja, ngakhale a Kopolo ankandiitana ndikamadutsa.

Ukwati wa malume unachitika, ndipo chithunzi chosalala chija chinakhala pakhoma la pabalaza pawo, m'felemu yagalasi, zaka zonse za moyo wawo. Tsono tamverani zimene zandipangitsa kulemba zonsezi. Masiku ano Ulomwe ndi chinthu chonyadira. Zidzukulu za malume omwe aja, zamagalimoto, zimavala nsalu za chikhalidwe, zimavina tchopa pamaso pa makamera, zimaloweza moni wa Chilomwe pafoni. Chaka chathachi anabwera kwa ine awiri, aulemu ndithu, atanyamula shuga, kuti akufuna kusindikiza nkhope ya gogo wa banja lonse pa malaya oti tikavale pamsonkhano wa mbumba. Ndinalowa m'nyumba mwachangu, ndinamasula chithunzi changa m'kansalu, n'kuwapatsa. Anachiyang'ana, anayang'anana, mmodzi n'kunena kuti, "Pepani agogo, ichi ndi chokandikakandika, mwana wina anachiseweretsa. Tigwiritsa ntchito cha kwa agogo a Wilisoni chija, ndi choyera bwino."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa nsatsi mpaka pa manda omera udzu. Anamvetsera, anati ndi nkhani yomvetsa chisoni, koma wosindikiza amafuna chithunzi chosaonongeka. Malaya anatuluka. Mbumba yonse inavala pachifuwa mayi wakuda wosalala uja, amene Muhiye anamukana, pansi pake atalembapo dzina la agogo anga. Anandibweretsera anga, ndinawauza kuti abwerere nawo, ndipo kumsonkhanoko sindinapite. Akuti nkhalamba yavuta. Ndivute kumene!

Maso anga nawonso achita chifunga tsopano, moti chithunzicho sindichionanso bwino ngakhale padzuwa. Koma m'mawa ndikasamba ndimachimasula, n'kuyendetsa chala kuchokera pakona ya diso kutsikira kukhutu. Mzere woyamba, wachitatu, kenako ndimabwerera pa wapakati wa kumanzere, wokhota uja, pamene agogo anagwedezeka.